Kumanga nyumba yokakalambiramo kumudzi muli kuno ku Chipata

Amalawi ambiri okhala ku Chipata, Katete, Lundazi ndi Petauke anabwera akadali ndi mphamvu, ena kudzalima fodya, ena pa malonda, ena potsatira banja. Ana akula tsopano, wina ali ku Lusaka, wina ku Kitwe, wina ku Johannesburg, ndipo m'nyumba mwatsala anthu awiri. Apa m'pamene ganizo lokamanga kumudzi limakula. Mwayi wanu ngwakuti kwanu si kutali. Kuchoka m'tauni ya Chipata kukafika pa Mwami, pamalire a Zambia ndi Malawi, si ulendo wa ola lathunthu, ndipo chitsegulireni chipata chimodzi cha maiko onse awiri mu Disembala 2022, za mapepala mumathera pamalo amodzi. Wa ku Mchinji akhoza kupita m'mawa kukaona ntchito n'kubwerako madzulo. Mwayi umenewu muugwiritse ntchito, chifukwa nyumba zambiri za anthu okhala kunja zimawonongeka pa chifukwa chimodzi: mwini wake sanalipo tsiku lothira maziko.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, yambani ndi malo. Kwa ife Achewa munda umatsata kuchikazi. Mwamuna amene akumanga kwa mkazi wake ndi mkamwini, ngakhale ndalama zonse zitachokera m'thumba mwake, ndipo mkazi amene anatengedwa chitengwa n'kumangiridwa kwa mwamuna ndi mlendo pamaso pa mbumba ya kumeneko. Nonse muli moyo palibe amene angayankhule. Mmodzi akatsogola, wotsalayo ndi amene amauzidwa kuti alongedze, ali ndi zaka 70. Choncho nkhani iyambe ndi mwini mbumba, ipite kwa anyakwawa ndi agulupu, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, mboni zisayine, malire ayendedwe pamaso pa oyandikana nawo mbali zonse. Lamulo la malo a makolo la mu 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limalola kulembetsa malo otere kudzera ku komiti ya malo ya m'dera la gulupu, imene wapampando wake ndi gulupuyo ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa, osachepera 3 amakhala amayi. Funsani ku ofesi ya malo pa boma lanu kuti kalemberayu wafika pati m'dera lanu, ndipo pemphani kuti maina a nonse awiri alembedwe. Lembaninso wilo yonena kuti wotsala adzakhala m'nyumbamo mpaka imfa yake.

Amene munatenga unzika wa Zambia samalani apa, chifukwa malo a makolo ndi a nzika za Malawi. Lamulo la Malawi linasintha mu 2019 kuti munthu akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, koma sizichitika zokha, pamafunika kukalembetsa ku Immigration. Konzani zimenezo ndi chiphaso chanu cha unzika ntchito isanayambe.

Tsopano kukula kwa nyumba. Ambiri amajambulitsa ya zipinda zogona 5 poganizira ana ndi zidzukulu, amene amabwera pa Khirisimasi kapena pa maliro basi. Ndalama zimathera pa lintala, nyumba n'kukhala zaka yopanda denga, mvula ikunyowetsa makoma. Ikathekanso, zipinda zitatu zimasanduka mosungira chimanga ndi mogona makoswe, pamene mayi wa msana wopweteka akusesa zonsezo. Anthu awiri imawakwanira nyumba ya mamita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali: chipinda chanu, chipinda chimodzi cha alendo kapena cha mdzukulu wodzakusamalirani, pabalaza, kakhitchini, sitolo ndi bafa lokhala ndi chimbudzi. Ngati ana akufuna pogona pawo, asiyireni malo kumbuyo adzamange okha.

Pojambula pulani muziganizira thupi limene mudzakhale nalo zaka 15 zikubwerazi. Pansi pakhale pofanana nyumba yonse, popanda sitepe pakati pa pabalaza ndi kuchipinda. Zitseko zonse, cha kubafa chomwe, zikhale za masentimita 90, kuti njinga ya olumala kapena anthu awiri onyamula wodwala adutse. Mafelemu ogulitsidwa okonzeratu ambiri amachepera pamenepa, choncho uzani wowotcherera muyeso wake. Chitseko cha kubafa chizitsegukira kunja, chifukwa munthu akagwa m'kati thupi lake limatsekereza chitseko chotsegukira m'kati. Pakhomo lalikulu m'malo mwa masitepe pakhale potsetsereka, ndipo pa sentimita iliyonse yokwera pazitalika masentimita 12: khonde lokwera masentimita 30 lifuna njira ya mamita 3.6. M'bafa musaike matailosi onyezimira aja. Ndi okongola m'sitolo, koma akanyowa ndi sopo athyola chiuno, ndipo chiuno cha munthu wachikulire sichilumikizana msanga. Ikani okhakhala, ndi chitsulo chogwirira chozikika m'khoma pafupi ndi chimbudzi.

Khonde likhale lalikulu, mamita 2 m'lifupi, pakuti tsiku lonse la munthu wopuma ntchito limathera pamenepo: kulandira alendo, kusenda mtedza, kuothera dzuwa mu Juni. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa la madzulo la mu Okutobala lizimenya khoma lalifupi. Chipinda chogona chisakhale chakumadzulo. Mawindo ayang'anizane kuti mphepo izidutsa, ndipo onse akhale ndi waya wa udzudzu. Khitchini ya nkhuni ikhale panja, koma pafupi, yolumikizana ndi nyumba ndi kadenga kuti m'dzinja munthu asamaterereke ndi mphika m'manja.

Maziko ndiwo amafuna maso anu. Yang'anani dothi kaye. Katondo wofiira ndi wabwino. Makande akuda a m'mbali mwa dambo amafufuma akanyowa, n'kung'ambika akauma, ndipo khoma limang'ambika nawo kuchokera pansi mpaka pawindo. Ngati malo anu ndi otero, sunthirani kumtunda, ndipo ngati n'kosatheka itanani injiniya, musangodalira mmisiri wa pamudzi. Pewaninso pamene panali chulu, dzenje la zinyalala kapena chitsa chachikulu. Pa dothi labwino ngalande ikumbidwe masentimita 60 m'lifupi, ndi kuya kosachepera 60, mpaka mutapeza polimba. Konkire wa pansi asakanizidwe muyeso umodzi wa simenti, 3 ya mchenga ndi 6 ya miyala ya kwale, ndipo akhuthale masentimita 20. Muyesowo ukhale ndowa imodzimodzi. Kuyeza ndi fosholo ndiko kumabweretsa konkire wofumbutuka, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa imanyamula zambiri kuposa ya simenti.

Asanathire silabu, dothi la m'kati litsenderedwe pang'onopang'ono akulithira madzi, lipoperedwe mankhwala a chiswe, kenako ayale pepala lapulasitiki lokhuthala. Pamwamba pa khoma la maziko aikenso pepala loletsa chinyezi asanayambe kukweza khoma. Zinthu ziwirizi n'zotsika mtengo, koma zikakwiririka sizioneka, n'chifukwa chake zimadumphidwa mwini akakhala kutali. Zotsatira zake mumaziona pakatha mvula ziwiri: pulasitala akusupuka m'munsi mwa khoma, m'chipinda mukununkha nkhungu, chiswe chikukwera kukadya denga. Tsiku limeneli mukhalepo nokha.

Nayi miyeso yoti muzifananitsira zimene mmisiri akukuuzani. Silabu ya nyumba ya mamita 8 ndi 10, yokhuthala masentimita 10, yosakaniza muyeso umodzi wa simenti, 2 ya mchenga ndi 4 ya kwale, imadya matumba pafupifupi 50 a makilogalamu 50. Mabuloko a masentimita 40 ndi 20 amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, ndipo nyumba yotereyi, kuphatikiza maziko ndi osweka, ifuna pakati pa 2,300 ndi 2,500. Ngati mukuumbitsa pamalopo, thumba limodzi lisatulutse mabuloko a mainchi 6 oposa 35, ndipo azithiriridwa madzi masiku 7 ali pamthunzi. Buloko labwino mukaligwetsa kuchokera m'chiuno silinyenyeka. Mukasankha njerwa zootcha, menyanitsani ziwiri: zopsa bwino zimalira ngati chitsulo, zosapsa zimangoti phu. Silabu nayonso ithiriridwe masiku 7, chifukwa konkire akauma msanga salimba. Pamwamba pa mawindo pazungulire lintala nyumba yonse, osati tizidutswa pa zitseko pokha, yokhala ndi zitsulo 4 za Y12 (zonenepa mamilimita 12) zomangidwa ndi timalingi pa masentimita 20 aliwonse. Mchenga ukhale wa kumtsinje. Ufinyeni m'manja uli wonyowa, ukadetsa chikhatho ndiye kuti muli dothi.

Pa denga pewani malata opyapyala. Geji ikamakwera lata limapyapyala, choncho 28 ndi yolimba kuposa 30 kapena 32. Mitengo ya denga ipakidwe mankhwala a chiswe, ndipo imangidwe ku lintala ndi waya kapena zitsulo zozikika mu konkire, osati kungoisanjika pakhoma, pakuti mphepo ya mvula yoyamba imanyamula denga lonse lathunthu. Denga lituluke masentimita 60 kunja kwa khoma. Siling'i musaiyese ya manyado: popanda iyo m'nyumba ya malata simugoneka mu Okutobala, ndipo mu Julayi mumazizira.

Za ndalama. Maiko onse awiri amati kwacha, koma mphamvu zake n'zosiyana, ndipo ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kusunga ndalama zomangira ku Malawi kwa miyezi n'kuziluza. Sungani kuno, muzitumiza za gawo limene likugwiridwa basi. Koma musathamangirenso kuunjika simenti, chifukwa ikakhala miyezi yoposa itatu imayamba kuundana, makamaka m'dzinja. Zosungika ndi malata, zitsulo, mafelemu ndi kwale. Ngati mukufuna kugula simenti kapena malata kuno, pitani kaye pachipata ku MRA, bungwe lotolera misonkho ku Malawi, mukafunse msonkho ndi zilolezo, muwonjezere mtengo wa galimoto, ndiyeno mufananitse ndi mtengo wa pa Mchinji kapena pa Kamwendo. Njira zachidule za m'malire zimathera pa kulandidwa katundu.

Mmisiri mugwirizane naye polemba, ndipo muzimulipira pa gawo lomalizidwa: maziko, pawindo, palintala, denga, pulasitala. Gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zake lisungidwe mpaka mvula yoyamba itayesa denga. Wosunga katundu akhale wina, womanga wina, ndipo matumba opanda kanthu aziwerengedwa madzulo alionse. Zithunzi za pa WhatsApp zimathandiza, koma sizionetsa kuchuluka kwa simenti imene ili m'matope. Ngati woyang'anira ndi m'bale wanu, mulipireni monga wantchito, kuti mukhale ndi pomufunsira. Ntchito iyambe mu Meyi mvula itatha, denga likhale litakwera pofika Okutobala.

Madzi muwaganizire pamodzi ndi pulani, chifukwa ndowa ya malita 20 pamutu si ya munthu wa zaka 70. Denga la masikweya mita 100 limakolola malita 2,000 pa mvula imodzi ya mamilimita 20, choncho magatala ndi thanki n'zoyenera ndalama zake. Chitsime chikumbidwe mu Okutobala madzi ali pansi kwambiri, apo ayi chidzauma chaka choyamba. Chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi kapena pa dzenje la zonyansa, ndipo chikhale chakumtunda. Chimbudzi cha m'nyumba chimafuna madzi odalirika, kotero mangani china chokumba panja, chokhala ndi pokhalira pokwera masentimita 45 kuti mawondo asamavutike. Mapaipi a mawaya a magetsi aikidwe m'khoma asanapake pulasitala, ngakhale ESCOM isanafike m'mudzimo, chifukwa sola idzadutsa momwemo. Ikani nyale imodzi m'njira yochokera kuchipinda kupita kubafa, swichi yake ikhale pofikira dzanja muli pabedi.