Tilongedze ndiwo ndi matimati popanda jumbo yopyapyala

Alimi anzanga a m'madimba a ku Thondwe, Jali, Songani ndi Domasi, jumbo yopyapyala ija imakudyerani phindu musanafike n'komwe mu msika wa Zomba. Mpiru kapena repu akathyoledwa amapitirizabe kupuma. Mukamutsekera mu jumbo padzuwa amachita thukuta, ndipo pofika masana wayamba kale chikasu. Wogula akamuona amangoti, "Tsitsani mtengo mayi, ndiwozi zafota."

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo bwalo la Supreme linatsimikiza chiletsocho mu 2019. Majumbo otayidwa amatseka ngalande za m'tauni, ena mvula imawakokolera mu mtsinje wa Likangala mpaka ku nyanja ya Chilwa. Mbuzi ikawameza imangowonda, msipu uli mbwee.

Ndiwo zamasamba thyolani m'mamawa, mame asanaume. Mangani mipukutu ndi luzi la khungwa louma la nthochi, yalani masamba a nthochi otsuka bwino pansi pa dengu, ikani ndiwo zanu, muwaze timadzi toyera n'kufunditsa tsamba lina pamwamba. Tsamba likang'ambika pokulunga, liwambeni pang'ono pamoto, limafewa. Koma musasadzule nthochi yonse, mkoko ungachepe. Dulani masamba a m'munsi okha. Nthochi yogwidwa ndi chisaka musatengeko kanthu, chifukwa nsabwe zofalitsa matendawa zimayenda nawo masambawo.

Pa matimati vuto lalikulu ndi dengu lakuya. A pansi amaphwanyika ndi kulemera kwa anzawo, makamaka panjinga mumsewu wa mabampu, ndipo madzi awo amawoletsa onse. Uzani woluka akupangireni dengu lansungwi lotambalala, losazama, asalazenso timinga tam'kati tomwe timabaya chipatso. Pansi muyale udzu wouma. Amene angakwanitse kireti yolimba yapulasitiki agule ndithu. Ine sindiitsutsa, poti imatumikira zaka zambiri, imatsukika, ndipo makireti amasanjikizana osafinya katundu. Ogulitsa masitiroberi m'njira yokwera ku Ku Chawe, timadengu ting'onoting'ono ndi tomwe tikuyenerani.

Chomwe ndimakaniza ndi thumba la feteleza kapena la mankhwala, komanso kukulunga chakudya mu nyuzi, chifukwa inki imamatirira pa ndiwo zonyowa. Dengu muzilikuntha n'kuliyanika padzuwa mukabwera ku msika, apo ayi nkhungu ya matimati a dzulo idzagwira a mawa. Masamba ogwiritsidwa kale ntchito aponyeni m'dzenje la manyowa, ndipo makasitomala anu okhazikika muziwakumbutsa kubwera ndi basiketi kapena chitenje chawo.