Kukatenga galimoto ku Dar es Salaam: zoyenera kuchita mpaka ipatsidwe nambala kuno kumudzi

Magalimoto ambiri omwe Amalawi amagula ku Japan amatsikira pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo kuchoka kumeneko amabwera pamsewu kudzalowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Kulipira wogulitsa ku Japan sikuvuta. Ntchito ili pa mapepala, chifukwa ofesi iliyonse yomwe mudzafike idzafuna kuona pepala lochokera ku ofesi yomwe mwadutsa kale. Limodzi likalakwika, ena onse otsatira amaima.

Yambani ndi msonkho musanatumize ndalama

Musanapite ku banki kukatumiza ndalama, funsani kaye kuti MRA idzafuna zingati pa galimoto yomwe mwaisankhayo. Msonkho umatengera kukula kwa injini ndi chaka chomwe galimotoyo inapangidwa, ndiye magalimoto awiri ooneka ofanana pa chithunzi akhoza kusiyana kwambiri pa ndalama zolipira. Pitani ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti wovomerezeka muli ndi dzina la galimoto, chaka chake ndi ma cc a injini. Ndalama ya msonkhoyo ikhale pambali sitima isanafike. Ena mwa magalimoto omwe amachita fumbi pa Songwe ndi a anthu omwe anathera ndalama yonse pogula, poganiza kuti ya msonkho aipeza mawa. Mufunikanso TPIN, nambala yanu ya olipira msonkho, choncho ngati mulibe lembetsani panopa.

Wogulitsa akakweza galimoto m'sitima amakutumizirani mapepala atatu ofunika: invoice (pepala la mtengo), export certificate (lotulutsira galimoto ku Japan) ndi bill of lading (la kampani ya sitima). Akafika, khalani pansi ndi cholembera. Onani nambala ya chasisi pa pepala lililonse, chilembo ndi chilembo, ndipo dzina lanu lilembedwe monga lilili pa pasipoti ndi pa chiphaso cha unzika. Onaninso kuti bill of lading ikunena kuti galimotoyo ndi yongodutsa, ikupita ku Malawi. Kukonza cholakwika sitima ili panyanja ndi nkhani ya imelo. Kukonza galimoto ili kale pa doko kumatenga masiku, ndipo tsiku lililonse mukulipira malo osungira.

Ku doko

Simungatulutse galimoto pa doko nokha, pamafunika ejenti wa ku Tanzania. Makampani akuluakulu ogulitsa magalimoto monga Be Forward ndi SBT Japan amatha kukulumikizani ndi wawo, komanso kuli Malawi Cargo Centres Limited yomwe inakhazikitsidwa kuti izithandiza katundu wa Amalawi wodutsa ku Tanzania. Aliyense yemwe mwasankha, mutumizireni mapepala msanga ndipo mugwirizane mtengo polemba: ndalama za doko zingati, zake iyeyo zingati. Doko limapereka masiku ochepa aulere, akatha mumayamba kulipira.

Ejentiyo amakonza pepala la T1, lololeza galimoto kudutsa m'dzikomo, ku Tanzania Revenue Authority, ndipo galimoto imapatsidwa nambala yongoyembekezera yoyamba ndi IT. Nambala imeneyi ikutanthauza kuti galimotoyo sinalipire msonkho ku Tanzania, ili pa ulendo basi. Ili ndi njira yake yomwe yalembedwa komanso nthawi yoti ikhale itatuluka m'dzikomo. Musapatuke kukaona m'bale ku Dodoma, ndipo musanyamule anthu olipira panjira ngakhale mafuta atakupinani motani.

Musananyamuke yang'anani galimotoyo masana. Tsegulani boneti, pezani nambala ya chasisi pa kachitsulo kake, ifananitseni ndi ya pa T1. Onani oyilo, madzi, mabuleki, magetsi ndi tayala lapadera. Magalimoto ena amabwera ndi matayala oyendera pa chipale chofewa, omwe sachedwa kutha pa phula lotentha. Batire nalo limakhala litafooka chifukwa chokhalitsa osalizidwa, ndipo mu thanki mumakhala mafuta ongokwanira kufika pa filing'i yoyamba. Gulani mathirayango awiri ndi chozimitsira moto, chifukwa apolisi a mayiko onse awiri amafunsa zimenezi. Dulaninso inshuwalansi ya ulendowo, ndipo funsitsani ngati ikuthera pa malire kapena ikupitirira mpaka ku Malawi. Inshuwalansi ya COMESA Yellow Card imagwira ntchito m'mayiko onse awiri.

Panjira

Kuchoka ku Dar es Salaam kukafika pa malire ndi makilomita oposa 900, kudutsa Chalinze, Morogoro, Mikumi, Iringa ndi Makambako. Pa Uyole, musanalowe mumzinda wa Mbeya, mumakhotera kumanzere kutsika ku Tukuyu mpaka Kasumulu, lomwe ndi dzina la chipatachi kumbali ya Tanzania. Musayese kumaliza ulendowu tsiku limodzi. M'malo okhala anthu liwiro ndi makilomita 50 pa ola, ndipo apolisi akumeneko amakhala ndi makamera oyezera liwiro. Mukalakwa, pemphani kuti akulembereni chindapusa ndipo sungani lisiti. Msewu umadutsa pakati pa malo osungira nyama a Mikumi, pomwe kugunda nyama kuli ndi chindapusa chake. Pa zitunda za Kitonga, musanafike ku Iringa, khalani kumbuyo kwa mathiraki modekha, kupitirira pa makona amenewo n'kuika moyo pachiswe.

Ngati simunayendepo njira imeneyi, maganizo anga ndi akuti mulembe dalaivala wozolowera ma IT koma inu mukhale nawo m'galimotomo. Iye akudziwa malo omwe a msonkho amadindira mapepala, ndipo inu mukakhalapo sangaisandutse minibasi. Mukafuna kuyendetsa nokha, layisensi yanu ya ku Malawi ikhale yosatha ntchito, pasipoti ili m'thumba. Dzadzani thanki musanawoloke, pakuti kwathu kuno mafuta amatha kusowa osatsanzika. Kumbukiraninso kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi.

Pa Songwe

Kumbali ya Kasumulu ejenti amatseketsa T1, kusonyeza kuti galimoto yatuluka m'dziko. Musanyozere zimenezi, chifukwa pepalalo likapanda kutsekedwa zimaoneka ngati galimoto inatsalira ku Tanzania. Mukawoloka mlatho wa mtsinje wa Songwe mumakumana ndi ejenti wanu wa ku Malawi, yemwe amalowetsa zonse mu kompyuta ya MRA. Ndi bwino kuti akhale atayamba kale ntchitoyi inu muli panjira. Ofesala amayendera galimoto, amaona chasisi ndi nambala ya injini, kenako mumapatsidwa pepala la ndalama zoti mulipire. Lipirani ku banki kapena kudzera njira zomwe MRA inavomereza, lisiti lituluke m'dzina lanu. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama m'manja akuchepetserani msonkho, dziwani kuti galimoto ikadzagwidwa mtsogolo wolipira ndi inu, iye adzakhala atazimitsa foni.

Pepala lomwe mukulifuna apa ndi Customs Clearance Certificate. Popanda ilo a Road Traffic sangalembetse galimoto yanu. Musachoke pa chipata opanda inshuwalansi yogwira ntchito ku Malawi, ngakhale ya third party, chifukwa kuchoka pa Songwe kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 600, kudutsa Karonga, zitunda za Chiweta ndi Mzuzu, ndipo malodibuloko alipo angapo. Mapepala onse akhale m'fayilo imodzi pa mpando wakutsogolo.

Kupeza nambala

Kulipira msonkho si chilolezo choti muziyendera IT miyezi ndi miyezi. Mukafika, pitani ndi galimotoyo ku polisi, ku nthambi ya Interpol, akaione ndi kukupatsani chikalata chotsimikiza kuti si yobedwa. Kenako pitani ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe ili ndi maofesi ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre. Ngati simunalowe mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa a Road Traffic, muyamba mwalembetsa inuyo kuti mupeze traffic register card, ndipo pamafunika inu mwini chifukwa amatenga zidindo za zala. Tengani chiphaso cha unzika, mapepala a MRA, a polisi ndi aja ochokera ku Japan.

Pakhomo mudzakumana ndi madobadoba okuuzani kuti mzere ndi wautali. Ndi wautalidi, koma lawirirani m'mawa ndipo ndalama iliyonse mulipire ndi lisiti. Akakupatsani nambala, kaidinditseni kwa opanga mapuleti ovomerezeka. Galimoto imayesedwa mabuleki, magetsi, matayala ndi zina kuti ipatsidwe COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Mukalandira khadi la umwini, lomwe ambiri akulitchabe bulubuku, onaninso chasisi musanachoke pa kauntala. Pomaliza bwererani kwa a inshuwalansi akasinthe pepala lanu kuchoka pa nambala ya IT kupita pa nambala yatsopano, kenako mumate disiki ya COF ndi ya inshuwalansi pa galasi lakutsogolo.