Paipi yaikulu ya ekizozi ikulanda galimoto mphamvu pa chitunda

Chiyambireni kukolola, misewu ya ku Dedza ndi ku Ntcheu yadzaza ma Probox ndi ma Sienta onyamula kachewere, tomato ndi chimanga. Ambiri akulira ngati mathirakitala, koma akafika pa chitunda akufooka ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Mukasuzumira kunsi mupeza vuto limodzimodzi: paipi ya ekizozi yomwe inabwera ndi galimoto anaidula, owotcherera n'kulumikizapo ya mainchi 2.5 kapena 3, kumapeto kwake n'kumangirira sayilensa yaphokoso.

Mwini wake amaganiza kuti utsi ukamatuluka mosavuta mphamvu ichuluka. Pa injini yaing'ono ngati 1NZ-FE ya malita 1.5, yomwe ili m'ma Toyota ambiri kuno, sizitero. Injini imeneyi mphamvu yake yaikulu yokokera imaipeza ikamazungulira maulendo pafupifupi 4,200 pa mphindi, koma ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku, yodzutsa katundu ndi kukwera chitunda, imachitika pakati pa 1,500 ndi 3,000. Pamenepo utsi ndi wochepa. Komanso sutuluka mondondozana ngati madzi a pampopi, umatuluka mopumirapumira, silinda iliyonse nthawi yake. Mpumo uliwonse ukamathamanga mupaipi umakoka utsi wotsalira musilinda, motero mpweya watsopano ndi petulo zimalowa zokwanira. Aliyense amene anathirirapo dimba akudziwa kuti madzi omwewo mungalande yopapatiza amathamanga, koma mukaikuza amangoyenda mwaulesi, matope n'kukhazikika. Kamwa la paipi ya mainchi 3 limaposa kuwirikiza kawiri la paipi ya mainchi 2, ndiye kuti liwiro la utsi limatsika kupitirira theka. Utsi wozizirira ndi waulesiwo umatsalira musilinda, malo a mpweya wabwino n'kuchepa. Mphamvu yochepa yomwe mungapindule ili pomwe injini ikuzungulira kwambiri, cha ku 6,000, komwe wonyamula matumba safikako.

Ndipo kuno kwathu tayamba kale ndi chipereŵero. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 alionse omwe mwakwera. Ku Dedza, komwe kuli pafupifupi mamita 1,600, galimoto yaluza kale gawo looneka isanakhudzidwe n'komwe. Mungachotserenso bwanji pa zochepa zomwezo?

Mlimi wina wa tomato anagula Probox ya magiya osintha ndi dzanja, anyamata n'kumunyengerera kuti aikule ekizozi. Kale chikweza cha Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti ankachikwera pa giya wachiwiri ali ndi katundu. Atasintha paipi anayamba kuchikwera pa giya woyamba, pamakhota akusewera ndi kilatchi kuti injini isazime. Mwezi usanathe kilatchi inayamba kununkha ngati nsanza yopsa, ndipo tsiku lina mabasiketi a tomato anagona pamsewu padzuwa kudikira makaniko. Iye ankadandaula kuti amugulitsa petulo wosakaniza. Petulo analibe mlandu.

Chotopetsa n'chakuti ena akaona mphamvu yatha amathamangira mankhwala akale, akuti injini imafuna kutsekerezedwa pang'ono, ndiye amalowetsa waya wotsukira mapoto kapena kachitsulo koboola mupaipi. Lekani zimenezo! Injini sifuna chotchinga, imafuna utsi wothamanga. Kutseka paipi yaikulu kumangowonjezera kutentha, liwiro silibwerera. Pa galimoto yosintha yokha magiya kuwonongeka kwake sikuoneka msanga: mumaponda kwambiri, petulo amatha, ndipo oyilo wa giyabokosi amatentha mpaka kuda. Nthawi zambiri podula paipi amachotsanso catalytic converter, kachipangizo koyeretsa utsi, sensa ya okosijeni n'kuisiya ikulendewera kapena kuiwotcherera pamalo potayikira mpweya. Kompyuta ya galimoto imalandira uthenga wabodza, nyale ya injini n'kuyaka, ndipo mukapimitsa mumapeza makodi osonyeza vuto, P0420 kapena P0171.

Kukonza kwake si kwapatali. Bwezerani paipi ya mainchi 1.75 mpaka 2, ndiye kuti mamilimita 45 mpaka 51, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo makhota ake akhale osalala, osati ophwanyika ndi hamala. Manifodi, mapaipi osonkhanitsa utsi kuchokera m'masilinda, ngati yoyamba ilipo ibwezereni; mukagula ina, sankhani ya 4-2-1, yomwe mapaipi anayi amalumikizana kukhala awiri kenako imodzi, chifukwa ya 4-1, yolumikiza onse anayi nthawi imodzi, imathandiza kwambiri injini ikamazungulira mothamanga. Ikani magasiketi atsopano, sensa ibwerere pamalo pake, pasatayike mpweya. Ngati munachotsa bokosi la fyuluta n'kuika fyuluta yapoyera pafupi ndi injini, ikumwa mpweya wotentha. Bwezerani bokosi, mutsuke sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndi sipule yake yeniyeni osakhudza kawaya ka mkati. Onaninso matayala: kuchoka pa 175/65 R14 kupita pa 205/45 R17 kumakuza tayala ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo mphamvu yokankha pansi imatsika chimodzimodzi. Mukatha, fufutitsani makodi, muyende masiku angapo kuti kompyuta izolowere, kenako mukayese pa chitunda chomwe chija ndi matumba omwe aja.