Momwe mungamalizire msanga ngongole ya pa khadi ya banki

Yambani ndi kusiya kugulira khadiyo, khadi ya ngongole (credit card) imene mumagulira zinthu ndi ndalama zobwereka ku banki. Mukakhala ndi ngongole yotsalira, mabanki ambiri amawerengera chiwongoladzanja pa chilichonse chatsopano kuyambira tsiku lomwe mwagula. Kutapa nayo ndalama pa ATM ndiye musayerekeze, amadula ndalama yapadera komanso chiwongoladzanja chake chimakhala chokwera.

Kenako lembani khadi iliyonse, ngongole yake ndi chiwongoladzanja chake cha pachaka. Taonani masamu ake: 24 peresenti pachaka ndi pafupifupi 2 peresenti pamwezi. Ngongole ya 100,000 ikubala 2,000 mwezi uliwonse, choncho mukapereka 2,500, ngongole yeniyeniyo yatsika ndi 500 basi. Kandalama kochepetsetsa kamene banki imalemba pa sitetimenti kamangokutetezani ku chindapusa, sikathetsa ngongole msanga.

Perekani kochepetsetsako pa makhadi onse, ndalama yotsala yonse muiponye pa khadi ya chiwongoladzanja chachikulu. Ena amayamba ndi ngongole yaing'ono kuti alimbe mtima poona imodzi yatha. Si zoipa, koma mumalipira zambiri.

Pamene pamafunika maso ndi posamutsira ngongole ku khadi ina yolonjeza 0 peresenti kwa miyezi ingapo. Njirayi imathandizadi, koma ine inandiluma. Posamutsa pomwepo amakudulani, kawirikawiri 3 mpaka 5 peresenti ya ngongole yonse, ndipo amaiwonjezera pa ngongoleyo. Kwa ine, banki inachotsa ndalama mu akaunti mochedwa ndi tsiku limodzi, lonjezo la 0 peresenti lija n'kuthera pomwepo, monga zinalembedwera m'timalemba ting'onoting'ono ta mgwirizano. Ndiye musanasaine funsani zitatu: 0 peresentiyo ikutha tsiku liti, mukachedwa kamodzi chimachitika n'chiyani, ndipo zogula zatsopano zikulowa nawo kapena ayi. Gawani ngongole yonse ndi miyezi ya lonjezolo. Ngati yankho lake simungalikwanitse mwezi ndi mwezi, dziwiranitu kuti yotsalayo idzagwera pa chiwongoladzanja chonse. Ndipo khazikitsani kuti malipiro azichoka masiku angapo tsiku lomaliza lisanafike.

Za makampani olonjeza kukufufutirani ngongole, bola muwapatse kaye kenakake, athaweni. Ena amakuuzani kuti musiye kulipira banki pamene iwo "akukambirana", chindapusa chikungounjikana. Kukongola kwa akatapila kuti mubweze khadi ndiye kuthawa mvula n'kukagwera m'dziwe.

Zotsalazi n'zachidule. Lipirani ngongoleyo malipiro anu a kuntchito akangolowa, osadikira tsiku lomaliza, chifukwa chiwongoladzanja nthawi zambiri amachiwerengera tsiku ndi tsiku. Imbirani banki mupemphe kuti akutsitsireni, nthawi zina amavomera. Bonasi ikabwera, iponyeni komweko. Mukamaliza kubweza, yang'ananibe sitetimenti ya mwezi wotsatira, pamatha kutsalira kachiwongoladzanja ka masiku omaliza aja.