M'Chingerezi mfumu imafika pomaliza: mmene timayalira mawu mozungulira dzina

Ndinayamba kukwera phiri la Mulanje ndili mnyamata wonyamula zikwama za alendo, ndipo tsopano ndimawatsogolera. Nthawi ya dzinja alendo akachepa, anyamata ongoyamba ntchitoyi amabwera pakhonde panga ku Likhubula kuti tizikonzana Chingerezi. Mawu okha amawadziwa. *Bag* akumudziwa, *heavy* akumudziwa, *blue* akumudziwanso. Pomwe amapunthwa ndi poyala mawuwo mozungulira dzina, chomwe kusukulu amachitcha kapandamneni wa dzina. Mdzukulu wanga yemwe akukonzekera MSCE, mayeso oti ukalephera Chingerezi satifiketi supata, amapunthwanso pomwepo. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba mmene timachitira pakhondepo.

Yambani mwamvetsera Chichewa chanu chomwe. Timati “zikwama zanga ziwiri zazikulu”. Dzina latsogola, mawu enawo akulilondola, aliyense atatenga z wa zikwama. Chingerezi chimachita ngati pabwalo la milandu: nduna zimayamba zakhala, mfumu n'kufika pomaliza. *My two big bags.* Mnyamata akanena kuti *bags my two* sindimuseka, chifukwa wayala bwino ndithu, kungoti wayala Chichewa ndi mawu a eni ake. Ndimamuuza kuti apeze kaye mfumuyo, chinthu chenicheni chomwe akunena, aiike kumapeto. Kenako adzifunse mafunso atatu motsatana: ndi ziti kapena ndi za yani, ndi zingati, ndi zotani. Mayankhowo akhale patsogolo pa dzina mu ndondomeko yomweyo.

Mpando woyamba ndi wa timawu monga *a*, *an*, *the*, *this*, *those*, *my*, *your*, *some*, *every*. Mpandowu ndi umodzi, awiri sakhalapo. Ife timati “buku langa ili” popanda vuto, koma *my this book* kulibe. Sankhani *my book* kapena *this book*, ndipo ngati zonse zikufunika, mwiniwake apite kumbuyo: *this book of mine*.

Pa *a* ndi *the* ndi pomwe timachedwa kwambiri, poti m'Chichewa mulibe timawu totere, m'Chilhomwe cha agogo athu mulibenso. Komabe tili ndi chotithandiza, ndicho “uja”, “ija”, “chija”. Tayesani chiganizo chanu m'Chichewa: ngati “uja” akulowa bwino, ndiye kuti nonse awiri chinthucho mukuchidziwa, ikani *the*. “Ndaona nyani panjira. Nyani uja anali ndi mwana.” *I saw a baboon on the path. The baboon had a baby.* Koyamba mlendo sakudziwa nyani wake, ndiye *a*. Kachiwiri akumudziwa. *The* amabweranso chinthu chikakhala chimodzi chokha, chopanda chinzake chosokoneza nacho: *the sun*, *the top*. Sapitwa, yemwe ndi wotalika mamita 3,002, ndi *the highest peak in Malawi*, osati *a highest peak*.

Chomwe ndimalimbikira nacho kuposa zonse ndi ichi: chinthu chowerengeka chikakhala chimodzi, musachisiye chokha. *I am guide* mlendo amva, koma amva ngati nyumba yopanda chitseko. Nenani *I am a guide*, *she is a nurse*, *take a jacket*. Kusankha pakati pa *a* ndi *an* kumatsata khutu, osati cholembera. Timati *an hour* chifukwa h wake satchulidwa, koma *a hut* chifukwa apo amamveka. *An umbrella*, koma *a uniform* chifukwa limayamba ngati “yu”. Mayina a malo ali ndi chizolowezi chawo choti mungoloweza: mitsinje imatenga *the*, monga *the Ruo* ndi *the Shire*, pomwe *Mount Mulanje*, *Lake Malawi* ndi *Thyolo* zimayenda zokha.

Palinso mayina amene Chingerezi chimakana kuwawerenga. *Water*, *tea* ndi *firewood* savuta, poti nafenso madzi sitiwawerenga. Ovuta ndi *luggage*, *equipment*, *advice*, *information* ndi *furniture*. M'mutu mwathu muli “malangizo”, “zipangizo”, “mipando”, zonse zambiri, ndiye dzanja limangothamangira kuika s. Ndamvapo *luggages* ndi *equipments* ngakhale kwa anthu ophunzira bwino, koma pamayeso n'kulakwa. Mayinawa satenga s, satenga *a*, ndipo amayenda ndi *much*, osati *many*. Mukafuna kuwerenga, werengani zidutswa: *three pieces of luggage*, *a piece of advice*, kapena mungoti *some advice*.

Za afotokozi sindichulukitsa. Akakhala angapo, amayamba ndi maganizo anu pa chinthucho, kenako kukula, msinkhu, mtundu wa maonekedwe, kochokera, n'kumaliza ndi chomwe anapangira: *a nice big red plastic bucket*. Polankhula tsiku ndi tsiku awiri akwana, *a small black bag*, ndipo khutu likazolowera lidzakana lokha *a black small bag*. Kumbukirani kuti mfotokozi wa Chingerezi sasintha ndi kuchuluka kwa zinthu. Ife timati chachikulu, zazikulu. Iwo *big bag*, *big bags*.

Tsopano pomwe pali nkhani yokoma. Ife tili ndi kamawu kamodzi kogwira ntchito zambiri: wa, ya, la, cha, za. Foni ya dalaivala, thumba la chimanga, fakitale ya tiyi. Chingerezi chimagawa ntchito imeneyi patatu. Mwiniwake akakhala munthu kapena nyama, amatsogola ndi *'s*: *the driver's phone*. Mukamanena muyeso kapena gawo la chinthu, ndi *of*, ndipo apa mawu amayenda ngati athu: *a bag of maize*, *the top of the mountain*. Mukamanena mtundu wa chinthu, mayina awiri amangogundana popanda cholumikiza, koma motembenuza: *tea factory*, *bus depot*, *banana seller*. Lomaliza ndilo chinthucho, loyamba likungofotokoza. *Tea estate* ndi minda ija yobiriwira mukamachoka ku Thyolo kubwera kuno, pomwe *estate tea* ndi tiyi wochokera kumeneko.

Tsiku lina tili pa Chambe, m'phiri la Mulanje momwemo, kukuzizira ndi chiperoni, mnyamata wina anaphika tiyi wabwino n'kufunsa mlendo kuti *do you want a teacup?* Mlendo anayankha kuti ali nayo kale, n'kuonetsa kapu yake yachitsulo itapachikika pachikwama. Mnyamata anabwerera kumoto atakhumudwa, poganiza kuti tiyi wake wakanidwa. Ndinamuitanira pambali n'kumuuza kuti “kapu ya tiyi” yathu ili pawiri: *a teacup* ndi chiwiya, ngakhale chilibe kanthu, pomwe *a cup of tea* ndi tiyi wothira kale. Anabwerera kukafunsanso, ndipo mlendo uja anamwa makapu awiri.

Dzina likamafotokoza linzake limataya s wake, ngakhale patakhala nambala. Ulendo wa masiku atatu ndi *a three-day hike*, thumba la makilo 50 ndi *a fifty-kilo bag*, mtsikana wa zaka 10 ndi *a ten-year-old girl*. Polemba samalaninso ndi kachizindikiro kaja ka mu *'s*: *the porter's bag* ndi wonyamula mmodzi, *the porters' bags* ndi ambiri. Alendo akandifunsa tanthauzo la Dziwe la Nkhalamba ndimati *the old people's pool*, chizindikiro chisanafike pa s, popeza *people* ndi ambiri kale.

Sikuti zonse zimakhala patsogolo pa mfumu. Zofotokoza zazitali zimabwera pambuyo, ndipo apa mtima ukhale pansi chifukwa n'chimodzimodzi ndi kwathu. Mayi wa zinanazi uja, *the woman with the pineapples*. Bambo amene amagulitsa nthochi pa Chitakale, *the man who sells bananas at Chitakale*. Tiyi wolimidwa ku Thyolo, *the tea grown in Thyolo*. “Amene”, “chimene”, “zimene” zimasanduka *who* kwa anthu, *which* kwa zinthu, ndipo *that* amalowa konse. Msampha ulipo umodzi. Ife timati “mayi amene ndinawaona”, ndipo wa ali m'kati mwa mneniyo akubwereza mayiwo. Mnyamata amamunyamula wa ameneyu n'kunena kuti *the woman who I saw her*. Musiyeni kumudzi. *The woman who I saw* yakwana, ngakhalenso *the woman I saw*.

Kapandamneni akatalika, musaiwale kuti mneni amamvera mfumu, osati yemwe wayandikana naye. “Mtengo wa zinanazi wakwera”, sitinena kuti zakwera. Iwonso *the price of pineapples has gone up*. N'chimodzimodzi ndi “mmodzi wa anzanga”: anzangawo ndi ambiri, koma wodwala ndi mmodzi, *one of my friends is sick*. Ambiri amadya s wa *friends*, ena n'kuika *are*. Mukakayika, phimbani gulu lonselo ndi dzanja, muikepo *it*, *he*, *she* kapena *they*, muone chomwe chikugwirizana.

Kuyeserera kwake timachita poyenda, osati m'kope. Tikamapita kumsika ndimaloza chinthu, mnyamata woyamba atchula dzina lokha, wotsatira awonjezera mawu amodzi pamalo oyenera, mpaka wina alephere. *Bicycle. A bicycle. An old bicycle. An old black bicycle. The old black bicycle with two bags of charcoal.* Taonani *a* wasanduka *an* chifukwa cha *old*, kenako *the* chifukwa tonse tsopano tikuiona njingayo. Wolephera amayambitsa chinthu china, kaya minibasi, kaya dengu la mayi wothyola tiyi. Pobwerera timatembenuza: ine ndimanena m'Chichewa, “mapeyala anu atatu akupsa aja”, iwo azipeza okha kuti “anu” ndi “aja” sangakhale mpando umodzi.