Kupopa boti la mpweya osang'amba msoko

Boti lopopa limafuna mphamvu ya mpweya yochepa kwambiri kuposa tayala la galimoto. Tayala limalowa pafupifupi 2.2 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu imene mpweya ukukankhira), pomwe machubu a boti la nsalu yokutidwa ndi pulasitiki ya PVC kapena labala ya Hypalon amathera pa 0.25 bar. Packraft, kaboti kopepuka ka nayiloni yokutidwa ndi pulasitiki ya TPU, kamangofuna 0.1 bar kapena kucheperapo, ndipo mumamalizitsa ndi pakamwa. Pansi pa boti pa mtundu wa drop-stitch pokha, pamene ulusi wambirimbiri umagwirizanitsa nsalu yapamwamba ndi yapansi, ndi pomwe pamapirira 0.7 bar. Nambala yeniyeni ya boti lanu imalembedwa pafupi ndi vavu kapena pa kachitsulo ka kampani, tsatirani imeneyo.

Gwiritsani ntchito pampu yamanja kapena yaphazi yokhala ndi geji yowerenga manambala ang'onoang'ono. Kompulesa ya kugalaja ayi. Popani chigawo chilichonse theka kaye, kenako muzungulirenso kudzaza, kuti nsalu yolekanitsa zigawo mkati isakankhidwe mbali imodzi n'kung'ambika.

Nsalu nthawi zambiri si imene imayamba kugonja, koma msoko. Chubu chikakula, nsalu imakokekanso kwambiri: chubu cha masentimita 40 m'mimba mwake chili pa 0.25 bar chimakoka msoko wa m'litali ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 5 pa sentimita iliyonse, kuwirikiza kawiri msoko wozungulira.

Choopsa kwambiri ndi dzuwa. Mukapopa 0.25 bar m'mawa kukutentha madigiri 20, n'kusiya boti pamchenga mpweya wa mkati n'kufika 50, geji ikhoza kufika 0.38 bar. Nthawi yomweyo guluu amakhala atafewa ndi kutenthako. Choncho mukatulutsa boti m'madzi, chotsanimo mpweya pang'ono, muliike pamthunzi. Kukwera mtunda nakonso kumawonjezera: boti lopopedwa ku Senga Bay likamafika ku Lilongwe lili padenga la galimoto mphamvu ya mpweya wake imakhala itakwera ndi pafupifupi 0.06 bar.

M'madzi zimatembenuka. Mpweya umazizira, boti n'kufewa, kumapindika pakati ndi kulemera popalasa. Liikeni m'madzi kwa mphindi zingapo, muwonjezere mpweya, kenako mukwere. Likamafewabe, pakani madzi a sopo pa vavu ndi m'misoko. Pamene patuluke thovu ndi pomwe pakutayika mpweya, ndipo kawirikawiri imakhala vavu yosamangitsa.