Bondo linkapweteka ndikapalasa njinga yakale

Nditagula njinga ya triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga), anzanga anati ndigulitse yakale ija. Ndinakana. Yatsopanoyo ndi ya mpikisano. Manja akakhala pa ma aero bar, zitsulo zotsamirapo mikono zoloza kutsogolo pa chiwongolero, mabuleki amakhala patali, pomwe pa M1 cha ku Kanengo pamadzaza maminibasi ndi akabaza. Yakaleyo ndiyo ndimapalasa masiku onse.

Koma ndikaipalasa, bondo lakumanja linkapweteka kutsogolo, ndipo pothamanga ndinkachita kutsimphina. Ndinapuma sabata yathunthu, ndinapaka mankhwala, ndinasintha nsapato, osatheka.

Chinandithandiza ndi tepi yoyezera. Pa njinga zonse ziwiri ndinayeza kuchokera pakati pa chitsulo chomwe mapedulo amazungulirapo mpaka pamwamba pa chishalo. Chishalo chakale chinali chotsika ndi masentimita 2. Apa musathamangire kukweza. Yang'anani kaye nambala yolembedwa kuseri kwa mkono wa pedulo. Imasonyeza kutalika kwa mkonowo m'mamilimita. Pa njinga yakale ndi 175, pa yatsopano 170. Mkono wautali umatsitsa phazi kwambiri, choncho ndinachotsera mamilimita 5 n'kukweza chishalo ndi masentimita 1.5 okha, ndi allen key ya 5mm. Ndinamatapo selotepi kuti chikatsika ndizindikire.

Sindinawononge ndalama. Loweruka ndinapalasa msewu wa ku Salima, bondo lili zii.